Ndinapita ku Sheffield Kukanyoza Mfuti ya Mwamuna Wathu

Amayi anzanga a kwaya ya kwa Bilira, yalani mphasa, khalani pansi. Ndayenda ine, ndayenda! Mwendo uno munkati watha ndi nyamakazi wakwera sitima, wakwera phiri, wakafika kumene azungu a imvi amatukwanirana mfuti.

Nkhani yake ndi ya Tadala, mdzukulu wanga, mwana wa Esinati amene ndikukhala naye kuno ku Salford. Tadala wapeza mwamuna, mzungu, dzina lake Danyeli. Zonse zinkayenda myaa, mpaka chithunzi china chinagwera pa foni ya malume ake, a Lufeyo, mwana wanga woyamba uja muli naye kumudziko. Pachithunzipo Danyeli waima, diso limodzi watsinzina, mfuti m'manja. A Lufeyo anangoti, "Chinkhoswe palibe. Mwana wa mlongo wanga salowa m'nyumba ya mfuti." Tadala kulira, Esinati kulira, foni nayo kulira. Ndipo mukudziwa inu, malume akakana, ukwati wagona panjira.

Esinati sakanapita kukafufuza. Mpongozi amayang'ana mkamwini m'maso? Amamuseka? Ayi. Koma ine ndine agogo. Mwamuna wa mdzukulu ndi mwamuna wanga yemwe, ndimunyoze, ndimutsine khutu, mlandu palibe. A Lufeyo anati, "Pitani ndinu, amayi. Chimene mukaone, ndimva." Ndinati eya, ndipatseni jasi.

Loweruka m'mawa tinanyamuka ine ndi Tadala, kamvula kawo kosatha kaja kali waa. Kwa eni mwana sapitako chimanjamanja, ndiye ndinafuna nkhuku yamoyo. Tadala anati, "Agogo, please, kuno tambala m'sitima sakwera." Tinakagula ya mufiriji ku shopu ya munthu wa ku Nigeria, youma gwa ngati mwala wa mphero. Ndinaikulunga m'chitenje changa chatsopano, ndaifukata ngati khanda.

Choyamba tinakwera basi yoyenda panjanji, amati tiramu. Tadala anangogunditsa kadi pa kachitsulo, piii, akuti talipira. Kondakitala palibe, wokangana naye palibe, ulendo wosakoma. Pa siteshoni yaikulu ya ku Manchester anandiuza mtengo wa matikiti m'makwacha, ine ndinaona mbuzi yathunthu ikunditsanzika. Anandigulira chitumbuwa chawo chotentha cha nyama ndi mbatata m'kati. Chokoma, koma tsabola anaiwala, kuno amaiwala tsiku lililonse.

Sitima itatuluka m'tauni, mapiri, mapiri, mapiri! Nkhosa mbwee, zopakidwa utoto pamsana, m'busa osaoneka, wakuba osaoneka. Kenako tinalowa m'mimba mwa phiri, mdima bii, ine ndinayambitsa nyimbo ya maliro chapansipansi kuti ngati ndi pompano andipeze ndili wokonzeka. Moyang'anana nafe munakhala gogo wina wachizungu ndi galu wovala juzi. Galuyo maso ali pa chitenje changa, mphuno fwe fwe. Mwini wake anafunsa ngati ndanyamula mwana. Ndinati, "Muuze kuti inde, ndipo galu wakeyo si nkhoswe yake." Tadala anamuuza zina zazifupi, mayiyo anamwetulira. Pamenepo ndinayamba kukayika womasulira wanga.

"Agogo," anatero Tadala, "tikafika musakanene zambiri."

"Ine? Ndinayamba ndanenapo zambiri ine?"

Anandifotokozera kuti mfuti zenizeni za m'manja kuno anaziletsa kalekale. Za Danyeli ndi anzake n'za mpweya, zimalavula kachipolopolo ngati njere ya mapira, ndipo amangowombera pepala. "Koma kuli nkhondo," anatero. "Bambo ake, a Kifi, ndi a mfuti za ku Jeremani. Danyeli anagula ya ku Italy. Chiyambire pamenepo amamutchula wogalukira. Chonde musakalowerere."

Ndinati sindilowerera. Nkhuku m'manja mwanga inayamba kutuluka thukuta.

Tinafika ku Sheffield dzuwa, likanakhalapo, lili pamutu. Tauni imeneyo anaimanga munthu wodana ndi mawondo. Kukwera, kutsika, kukweranso! Woyendetsa basi anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mind the step, love." Ndinafunsa Tadala kuti lavu si chikondi kodi? Anati kuno amatero kwa aliyense, ngakhale kwa amuna anzawo. Ndinati basi, ndimaganiza kuti nane ndapeza. Basi inabuula nafe phiri lonse, n'kutitsitsa pa chinyumba cha njerwa zakuda, fakitale yakale, kuseri kwa galaja, m'mene muli kalabu yawo ya mfuti.

M'katimo kunali kufunda, fungo la tiyi ndi mafuta a makina. Danyeli anatilandira pakhomo, wamtali ngati mlongoti, wagwada theka, "Muli bwanji, agogo?" Ndinati, "Mwamuna wanga, waonda. Mkazi mnzangayu sakukuphikira?" Kumbuyo kwake kunabwera a Kifi pa njinga ya olumala, ndevu za pamlomo ngati tsache. Ankawakankha mayi wina wachikuda wovala yunifomu ya osamalira okalamba, ali chete, nkhope ngati sakumva kanthu. Tadala anandinong'oneza kuti ndi watsopano, mwina wa ku Ghana.

Ndinagwada, ndapereka nkhuku ndi manja awiri. Inali itayamba kudontha. A Kifi anailandira pamiyendo, thalauzi lonse chonyowa, koma anagwira pachifuwa n'kuthokoza ngati ndawapatsa ng'ombe. Anaiika mufiriji pambali pa mkaka wa tiyi.

Tsono nkhondo ija ndinaiona ndi maso anga. Matebulo awiri, anzanga. Uku a Jeremani, uko a Italy, aliyense ndi ketulo yake. Akuluakulu a imvi, ena a mano oikirira, kulozana zala ngati ana pa dambwe. Timfuti tawo tili m'mabokosi a zingwe za maloko, tagonekedwa pa siponji ngati mazira. A Kifi anatulutsa yawo, yakuda, ya makona, yokwinya nkhope. Danyeli anatulutsa yake, yabuluu, yonyezimira, chogwirira chake cha thabwa losalala.

"Akuti chiyani?" ndinafunsa, poti onse anali kukuwa.

"A Kifi akuti ya Danyeli ndi choumitsira tsitsi cha ku saluni. Akuti ya ku Italy imadziyang'ana pa galasi isanawombe."

"Nanga mwamuna wathu?"

"Akuti ya bambo ake anaipanga munthu amene m'moyo mwake anaonapo njerwa yokha basi. Akuti ukaiika m'bafa, pulambala aimangirira ku mpope."

Wina wa ku tebulo la Jeremani anakuwa kuti zawo zimagwira ntchito mpaka mwini wake kumwalira. Wa ku Italy anabweza kuti eya, amamwalira ndi manyazi. Ine mtima unayamba kuvina. Ndinati awa ndi anthu, awa ndi asuweni!

Kenako a Kifi anamenya supuni pa kapu. Akuti mlendo wochokera kutali alibe mbali, aweruze: yokongola ndi iti? Tadala anandiponda chala. Ine ndinavala magalasi, ndazungulira ya a Kifi kawiri.

"Auze kuti ichi ndi chinangwa chokumba m'chilala, achimangirira pa pampu ya njinga. Kwathu mwana akabadwa ndi nkhope iyi, azamba amapepesa."

Tadala anatembenukira kwa a Kifi. "Grandma says it looks very strong."

A Kifi anatukumula chifuwa. Pomwepo mayi wa yunifomu uja anaphulika, kuseka mpaka kugwira khoma.

"Iwe mwana, osanama! Ambuya sanakambe so!"

Mayi Daka, wa ku Chipata! Wa kwathu komweko, wongodumpha malire! Anapukuta misozi, anaimirira bwinobwino ngati womasulira wa m'tchalitchi, n'kuwapatsa a Kifi mawu anga onse, chinangwa, pampu, azamba, osasiyako ndi fupa lomwe. Tadala anabisa nkhope m'jasi. Tebulo la Italy linaimirira kuwomba m'manja. A Kifi anayamba kufiira, kenako kuseka, kuseka, mpaka kutsokomola, Mayi Daka kuwasisita pamsana.

"Manje ya mwana, ambuya?" anafunsa Mayi Daka.

Ndinati ayi, ya mwamuna wanga ndiiweruza ikugwira ntchito.

Tinalowa m'chipinda chachitali chowomberamo. Danyeli anaima pa mzere, galasi lotseka diso limodzi, dzanja lina m'thumba ngati bwana wa pa boma. Anakweza mkono pang'onopang'ono. Koma agogo a mkazi ali kumbuyo, mkono unanjenjemera. Phwi! Kachibowo kanakatuluka m'mphepete mwenimweni mwa pepala, kutali ndi pakati ngati Nsanje ndi Chitipa.

Pano ndiime kaye kuimba, anzanga. Achikulire mukukumbuka malemu bambo a Lufeyo ndi mfuti yawo ya gogodela. Tsiku lina anaphonya nkhanga itaima pa chulu, anzawo akuona. Ine ndinaseka. Kamodzi kokha. Ndi chimene anandichita, khutu langa lamanzereli silimva mpaka lero, ndipo Lufeyo anaona zonse. Ndiye musati mwana wanga ndi wouma mtima pokana chinkhoswe. Nane sindinakwere sitima kukaona kukongola kwa zitsulo. Ndinapita kukaseka mwamuna ali ndi mfuti m'manja.

Ndinakweza mawu. "Mayi Daka, musachotsepo kanthu. Mwamuna wanga! Kamfuti kako kadzola, kavala buluu, kakupita ku dansi, koma ntchito zii! N'chimodzimodzi mkazi wokongola wosadziwa kupeta. Ndi dzanja lonjenjemeralo, ukanakhala mlenje tikanadya chisoso chaka chonse. Ine ndikusudzula lero lomwe!"

Mayi Daka anapereka zonse. Achikulire a Jeremani anagwa nacho chiseko. Ndiye Tadala, Tadala yemwe uja wamantha, chinamutulukira m'mphuno, kwe kwe kwe, kumuseka mwamuna wake pamaso pa bambo ake ndi anzake onse.

Ine sindinaseke. Maso anga anali pa dzanja.

Makutu a Danyeli anafiira ngati tomato. Sanatembenuke. Anatsitsa mfuti, anaitsegula, analowetsa kachingwe ka olenji mu mpope wake kusonyeza kuti mulibe kanthu, anaigoneka pa tebulo itayang'ana kukhoma. Anabwerera m'mbuyo. Atatero m'pamene anatembenuka, manja ali pululu. Anamuyang'ana Tadala akuseka, nkhope yake inasungunuka, naye n'kuyamba, kuseka kogwira m'mimba.

"Agogo," anatero m'Chichewa chake chothyokathyoka, "mfuti yabwino. Ine woipa." Kenako anawonjeza m'Chizungu, Mayi Daka n'kumasulira: "Akuti ngati ni easy, mkazi wake wamkulu ayeseko."

Ndinayesa, bwanji osayesa! Mkulu woyang'anira chipindacho anaima pambali panga, anandionetsa pogwira. Ndinayamba ndi ya ku Italy. Phwi! Pepala loyera ngati nsalu ya paguwa. A Jeremani kukondwa, akuti mwaona, vuto ndi chitsulo. Anandipatsa ya a Kifi, yolemera ngati mpini wa khasu. Phwi! Pepala lili chomwecho, silinamve n'komwe kuti kunja kuli nkhondo. Ndinaigoneka pansi monga ndinaonera, n'kutembenuka.

"Auzeni kuti mfuti zawo zonse n'zopindika."

A Kifi anamenya pa njinga yawo. Akuti basi, mayi uyu ndi membala, wadziwa kale lamulo lalikulu: ukaphonya, walakwa ndi amene anaipanga. Anandimwetsa tiyi kawiri, kapu ya ku Jeremani ndi kapu ya ku Italy, kuti pasakhale nsanje. Yonse inali yopanda shuga wokwanira.

Tinatsika phiri madzulo, magetsi a m'misewu akuyamba kuyaka. Mayi Daka anandipatsa nambala, akuti chinkhoswe chikakhalapo womasulira ndi iwo, mwana uyu ngwabodza. M'sitima Tadala ankangopotokola lamba wa chikwama.

"Agogo, mukawauza chiyani a malume?"

Ndinati imba foni. Inalira, inalira, a Lufeyo anayankha. Ndinaiika ku khutu lakumanja.

"Mwaziona mfutizo, amayi?"

"Ndaziona, bambo. N'zonyansa zonse ziwiri."

"Sindikufunsa zimenezo."

"Ndikudziwa. Anaphonya pamaso pa anthu. Ndinamuseka. Tadala anamuseka."

Pa fonipo ndinkamva nkhuku za kumudzi zikulowa m'khola.

"Ali nayo m'manja?"

"Ali nayo m'manja."

"Ndiye?"

"Anayamba waiika pansi. Kenako anaseka nafe."

A Lufeyo anapuma mpweya wautali, wa zaka zambiri. Ndiye anati, "Auzeni akwawo atchule tsiku."

Anzanga, nthungululu ndinaimba m'sitima ya azungu! Lililili! Bambo wina anataya nyuzipepala, woona matikiti anabwera chothamanga, Tadala akulira uku akuseka uku akupepesa anthu. Sitima inalowanso m'mimba mwa phiri muja, koma ulendo uno sindinaimbe ya maliro.

Chimene ndatola pa ulendowu n'chochepa. Kale ndinkati nyumba yoopsa ndi imene muli mfuti. Ayi, yoopsa ndi imene mkazi sangasekemo. Tsono yambani kuphunzira nyimbo, konzani zitenje, chifukwa akubwera konko, a Kifi ndi njinga yawo yomwe. Koma pokonza mipando, ndapota nanu, a Jeremani muwaike pansi pa mtengo wa mango, a Italy kuseri kwa nkhokwe. Ine ndikhala pakati, ndi mwamuna wanga.