Mpata wa m'kope la mvula

Malemu akazi anga ankayeza mvula. Kuseri kwa nyumba, pakati pa chigafa cha fodya ndi khola la mbuzi, anazika mtengo n'kukhomerapo chitini choongoka. M'mawa uliwonse wa dzinja, tisanapemphere, ankalowetsamo rula n'kulemba m'kope. Tsiku lopanda mvula ankalemba ziro. Sankalumpha tsiku, ngakhale Lamulungu.

Poyamba anthu a kuno ku Njombwa ankawaseka. M'kupita kwa zaka anayamba kubwera okha kudzafunsa ngati awokere fodya kapena adikire. Iwo sankalosera. Ankangotsegula makope akale n'kuwaonetsa zaka zimene mvula yoyamba inanamiza anthu, ndi zimene inagwa n'kupitirira. Munthu ankapita atasankha yekha.

Chaka chimene anadwala, anagonekedwa kuchipatala ku Boma mvula itangoyamba. Ali pabedi anandigwira dzanja nati, "Chitini chija musachiiwale." Ndinavomera, koma sindinachite. Masiku ena ndinali kuchipatala, ena ndinali pakhomo, ndipo ngakhale ndili pakhomopo sindinkapita kuseri. Anamwalira dzinja lili pakati. Patapita sabata maliro atatha ndinatenga rula n'kuyambiranso, ndipo mpaka lero ndimayeza. Koma m'kope la chaka chimenecho muli masamba oyera a milungu isanu ndi umodzi. Kwa nthawi yaitali sindinauze munthu za lonjezo lija.

Mwana wathu wamkazi amagwira ntchito ku Lilongwe, yokonza masamba a pa intaneti. Chaka chatha anabwera nthawi yothirira nazale, n'kupeza chiswe chitayamba kudya bokosi la makope. Anakhala pansi nati, "Ababa, izi tizilembe m'kompyuta. Tikonze tsamba loti aliyense azitsegula pafoni n'kuona mvula ya zaka zonsezi pagalafu."

Tinatha masiku anayi pakhonde, ine ndikuwerenga manambala, iye akutayipa. Titafika pa masamba oyera aja ndinangoti, "Apa sipanalembedwe." Anasiya malowo opanda kanthu, osafunsa.

Tsiku lachisanu anandiuza kuti galafu, chithunzi cha mzere woonetsa kukwera ndi kutsika kwa mvula, iye saijambula yekha kuyambira pachiyambi. Pali zida zimene anthu a m'mayiko osiyanasiyana analemba mothandizana n'kuzisiya poyera, kuti aliyense atenge mwaulere, aone mmene zinapangidwira, akonze pamene pakumuvuta. Ndinakumbukira mmene tinamangira tchalitchi chathu, banja lililonse likuumba njerwa zake, ndipo ndinamva. Anasankha zida zitatu kuti tiziyese.

Choyamba chinali chokongola kwambiri. Ukatsegula, mzere wa mvula unkayenda wokha kuchoka kumanzere, utoto wabuluu ukudzaza pansi pake. Chachiwiri anati chikhoza kujambula chilichonse chimene mtima wafuna, koma chimakupatsa njerwa ndi mchenga basi, nyumba umange wekha. Anati chingamutengere masabata, ndipo chikadzawonongeka iye ali kutali palibe angachikhudze. Chimenechi tinachiika pambali tsiku lomwelo, osachinyoza. Chachitatu chinali chaching'ono, chopanda zokometsera: mzere, manambala m'mbali, basi.

Ndinapempha kuona chaka cha matenda chija pa zida ziwiri zotsalazo. Pa chaching'onocho mzere unafika pa sabata imene akazi anga anapita kuchipatala n'kuduka. Panali poyera, kenako mzere n'kuyambiranso patsogolo. Pa chokongolacho panalibe mpata. Mzere unachoka pa mvula yoyamba ija, n'kuwoloka milungu yonseyo mosalala, n'kukalumikizana ndi tsiku limene ndinayambiranso kuyeza. Munthu wosadziwa sakanaona kanthu.

"Titenge chokongolachi," ndinatero.

"Ababa, n'cholemera. Pa netiweki ya kuno chizichedwa."

"Anthu adzadikira."

Anandiyang'ana. Amandidziwa kuti ndine munthu wosoka nsapato kanayi ndisanagule ina, ndiye anadabwa kundiona ndikukakamira zokongola. Koma anangoti, "Tiyese pafoni ya munthu wina kaye."

Tinaitana mnansi wathu, bambo wachikulire wochokera ku Phalombe, amene wakhala tenanti pa esiteti ya kutsidya kwa dambo zaka zambiri. Amanditcha Aphunzitsi chifukwa ndinaphunzitsa ana ake masamu. Foni yake ndi yaing'ono, yosweka pakona, yomangidwa ndi mphira. Mwana wanga anamutumizira tsamba la chida chokongola chija, ndipo kagudumu kanayamba kuzungulira pagalasi.

"Aphunzitsi, mvula yanuyi ikubwera wapansi?"

"Dekhani, achimwene."

"Ine ndadekha, koma bandulo yanga siidekha. Iwe mwana, ukandithera bandulo ukathirira nazale yanga mawa."

"Ndikathirira, amalume, bola mundibwereke nsapato za jombo."

"Za jombo zili kuti? Ife timathirira ndi zimene Mulungu anatipatsa."

Tsamba litatseguka anaomba m'manja. Sadziwa kuwerenga kwenikweni, koma galafu anaimva msanga: pokwera ndi mvula yambiri, potsika ndi dzuwa. Ankasuntha ndi chala chaka ndi chaka, akutchula zimene amakumbukira. Chaka ichi fodya anaola m'chigafa. Chaka ichi mwana wake anakwatiwa. Kenako anaima.

"Ichi ndi chaka chimene tinaika mayi aja?"

"Chomwecho."

"Ndiye apa pali bodza." Analoza pa mzere wosalala uja. "Apa akuti mvula inkagwa bwinobwino. Ine chaka chimenecho ndinawokera kawiri. Mvula yoyamba inabwera yamphamvu, tonse tinathamangira kumunda, kenako dzuwa linaswa mtengo mpaka mbande zonse zinapsa pamizere. Ndinakapempha zotsala m'nazale ya anthu ku Kaluluma, panjinga. Mayi aja sakanalemba zimenezi."

"Sanalembe ndi iwo," anatero mwana wanga. "Pamenepo palibe manambala. Chidachi changolumikiza uku ndi uku. Ndi mmene ndinachitcherera, ndinatengera chitsanzo chimene chinabwera nacho. Ndikhoza kuchiuza kuti chisamalumikize."

"Nanga wina akaona apa n'kunena kuti mvula yoyamba yamphamvu siinama? Awokera, apsa ngati ine."

Mbuzi zinali kulira m'khola, nthawi yozitsekulira itapitirira. Ndinaona kuti chida chija sichinalakwe. Chinachita zimene chinauzidwa, ndipo ine ndinachikonda chifukwa chinaphimba zimene ndinkafuna ziphimbike. Ndine mkulu wa mpingo, ndakhalapo pa milandu ya anthu ambiri, ndipo nthawi zonse ndinkawauza kuti kubisa kumapweteka ena osalakwa. Apa opwetekawo akanakhala alimi a mbande zawo.

"Mpata umenewo ndi wanga," ndinatero. "Amayi ako anandipempha kuti ndiziyeza iwo ali kuchipatala. Ndinavomera, koma sindinayeze."

Mwana wanga anatseka laputopu pang'onopang'ono. "Ababa, ine ndinkadziwa kuti simunayeze. Zoti anakupemphani sindinkadziwa."

"Aa, Aphunzitsi," anatero mnansi uja, "munthu mkazi wake ali m'chipatala n'kumakasuzumira m'chitini? Tikanati mwapenga. Ine wanga atadwala ndinaiwala ndi mbuzi zomwe, zinakagona kwa eni." Anaseka pang'ono n'kupukuta m'maso ndi chipewa. "Koma mzerewo udulidwe."

Tinayesa chida chaching'ono pafoni yake. Chinatseguka asanamalize kudandaula za bandulo. Mpata unaoneka bwino, woyera, pakati pa chaka. Mwana wanga anafunsa ngati ndikufunabe chokongola chija atachikonza kuti chizidula mzere. Ndinati ayi. Chifukwa chimene ndinkachifunira chinali chitatha, ndipo chotsala chinali kulemera kwake basi. N'kutheka kuti m'tauni, pa makompyuta aakulu, n'chabwino kuposa chathuchi. Kuno tinafuna chofika msanga pafoni yomangidwa ndi mphira.

Madzulo a tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, anawonjezera mawu oti munthu akagunda pampatapo azituluka. Anandifunsa kuti alembe chiyani. Ndinati alembe kuti, "Masiku awa sitinayeze. Alimi akukumbukira kuti kunali ng'amba." Mnansi wathu anaumirira kuti aikeponso zoti iye anawokera kawiri, koma tinamukaniza.

Tsambali tsopano likugwira ntchito. Ndikayeza m'mawa ndimalemba m'kope monga kale, kenako ndimatumiza nambala pafoni kwa mwana wanga, iye n'kuiika. Alimi a m'kalabu yathu amatsegula akafuna kuwokera, ndipo ambiri amayamba ndi kufunsa za mpata uja. Ndimawauza mmene zinalili. Sizindivutanso monga ndinkaganizira.

Mwezi watha ndinayenera kupita ku msonkhano wa mpingo masiku atatu, mvula ili pakati. Ndisananyamuke, mnansi uja anabwera yekha ndi rula ya mdzukulu wake m'thumba. Ndinamuonetsa poimika rula, ndi kuti akamaliza azikhuthula madzi n'kubwezera chitini choongoka. Nditabwerako ndinapeza masiku onse atatu olembedwa m'kope, manambala aakulu opendekeka, pansi pa anga. Tsiku lachiwiri kunalibe mvula, ndipo analemba ziro.