A Jenerale amadya pomaliza

Lolemba lapitali ndinatsala pang'ono kulira pantchito, nkhani yake mbale ya mbatata ndi nyama.

Kunyumba yosamalira okalamba kumene ndimagwira ntchito ku Oadby, kufupi ndi mzinda wa Leicester, kwabwera gogo wina, tonse timangoti a Jenerale. Anali mkulu wa asilikali a dziko la azungu lino, ndipo atavula yunifolomu analowa ndale nkukhala phungu. Lero miyendo yawakana, mutu nawo umapita nkumabwera. Koma akakhala pampando, msana umawongoka ngati mtengo wa mbendera.

Vuto linali lakuti sankadya. Thalauza inayamba kukhwefuka, ndipo anesi anati zikapitirira awatumiza kuchipatala. Ife a ntchito ya keya, yosamalira okalambayi, tikudziwa kuti gogo wofooka akapita kumeneko, kubwerako nzamwayi.

Wowaperekera chakudya ndinali ine. Monga mwana woleredwa bwino wa ku Ntcheu, ndinkayamba ndi iwo. Nanga munthu wamkulu chotero ungamudikiritse? Kwathu wamkulu ndiye amayamba kusamba m'manja, nthutumba ya nkhuku ndi yake. Ndinkachita kuwerama powaikira mbale, iwo nkuikankha. Ine poganiza kuti phokoso likuwasokoneza, ndinkawabwezera kuchipinda anzawo asanamalize nkulandira komwe.

Safunsa anadya phula. Lolembalo kunabwera mwana wawo wamkazi, ndipo ataona zimenezi anandikokera pambali. Anandiuza kuti kuusilikali kwawo mkulu sadya anyamata ake asanadye, ndipo bambo akewo anasunga mwambowo ngakhale kunyumba.

"Dzina langa amaliiwala," anatero akupukuta m'maso, "koma ichi sanaiwale."

Chifundo chinandigwira, manyazinso. Ulemu wanga womwewo ndi umene unkawagoneka ndi njala.

M'basi pobwerera ndinkangoganiza za ife. Pa maukwati ndi maphwando athu kuno ku Leicester, amayamba kudya ndani? Si a patebulo lakutsogolo, ovala masuti aja? Amayi amene akhala akuphika chiyambire m'mawa, ena atachokera kushifiti, amadzakokota zotsala m'mapoto. Kumudzi nako, olemekezeka akabwera pamaliro amalowetsedwa m'nyumba nkuphedwera nkhuku, chonsecho adzukulu akadali kumanda ndi makasu.

Sindikunyoza ulemu wathu ayi. Ndinakuliramo, ndimaukonda. Sindikutinso a Jenerale anali mngelo, pakuti za nkhondo zawo ndi ndale zawo ine sindinazione. Koma inu a tcheya, inu abusa, inu bambo a m'nyumba, munadikirako liti kuti wamng'ono ayambe wakhuta?

M'mawa mwake pa nkhomaliro ndinasintha. Ndinayamba ndi tebulo lakutali, iwo akutsatira ndi maso mbale iliyonse imene ikudutsa. Aliyense atalandira, ndinabweretsa yawo. Anasuzumira uku ndi uku, kenako anagwira foloko. Mtima wanga unakhala pansi.

Mwadzidzidzi anaibweza patebulo, nkundiyang'ana.

"Nanga inu, mwadya?"

Ndinali ndisanalawe kanthu chidzukire. Pa zaka zonse zimene ndagwira ntchito imeneyi, palibe gogo, wachibale kapena bwana anandifunsapo funso limenelo.

Ndinakatenga mbale yanga, nkukoka mpando pafupi nawo. Anadikira mpaka nditameza, kenako anayamba kudya.