Dzina la mlendo wa m'ndege

Kumanda a kwathu ku Chiparamba kuli mtumbira umodzi wa munthu amene si m'bale wathu. Anagwa ndi ndege. Inali nthawi ya nkhondo yaikulu ya azungu, azakhali anga ali kamtsikana. Ndege ya asilikali inabwera ikufuka utsi, inameta nsonga za misuku, n'kukagwera m'dambo. Azungu amene anaferamo anadzatengedwa pa lole kupita nawo ku Boma. Munthu wakuda amene anali nawo anamusiya pa udzu. Agogo anga aamuna anamukulunga mumphasa n'kumuika pakati pa akufa athu, ndipo kuyambira pamenepo banja lathu ndi limene limalambula mtumbira wake.

Ndegeyo sinapite kulikonse, tinaidya. Osula anaisandutsa mapoto ndi masupuni. Belu la kutchalitchi kwathu ndi chitsulo cha m'injini yake, ndipo mpaka lero likangolira nkhuku zonse zimabisala pansi pa nkhokwe poganiza kuti nkhondo yayambiranso. Ndikulumbira. Wokana apite Lamulungu akaone.

Vuto linabwera ndi akatekisiti atsopano. Mwezi wa Novembala, pa Misa ya akufa, banja lililonse limapereka mayina a abale ake kuti awerengedwe. Azakhali chaka chilichonse ankawonjezera "mlendo wa m'ndege," ndipo akatekisiti akale ankawerenga osafunsa. Atsopanowa anakana.

"Amayi, ine ndimawerenga mayina," anatero. "Mlendo wa m'ndege akhoza kukhala aliyense wotsika ku Lusaka."

Azakhali anandiitanitsa ku tauni. "Iwe, ng'ombe za mlongo wanga zinathera pa sukulu yako. Pita ukandipezere dzina la munthu uja. Ndatsala pang'ono kukagona pafupi naye, ndiye ndikamupatsa moni bwanji?"

Mwana wanga wamkazi, amene amagwira ntchito ku Lusaka, anandiuza kuti mapepala akale a asilikali amapezeka ngati uli ndi nambala yolembedwa chakumchira kwa ndege. Chitsulo cha nambalayo agogo anachidula pakati. Theka ndi chitseko cha khola la mbuzi za azakhali. Theka linalo anapita nalo msuweni wanga ku komboni ya Nabvutika m'tauni, n'kulisandutsa chitseko cha chimbudzi cha anthu a lendi.

Kumeneko ndinagwada ndi kampeni, kupala dzimbiri, m'kati muli munthu akutsokomola mondichenjeza.

"Asuweni," anatero mwini nyumba ataima kumbuyo kwanga, "sukulu yonse ija mapeto ake ndi kugwadira chimbudzi changa?"

"Ndikufufuza mbiri ya dziko."

"Fufuzani msanga. Mzere wafika kumsika."

Mzerewo unafikadi kumsika, Mulungu akundiona, ndipo ena anali atayamba kugulitsana malo.

Nditaphatikiza ndi theka la pakhola la mbuzi, nambala ija inagwira ntchito. Mwana wanga anapeza pepala la ngoziyo n'kunditumizira pa foni. Ndinaliwerenga nditaimirira, ndinalimaliza nditakhala pansi.

Mzungu aliyense anali ndi mayina ake onse, msinkhu wake, mudzi wa kwawo, dzina la mayi ake. Wina analembedwa mpaka kuti nkhondo isanayambe ankaphika buledi. Injini nayo inali ndi nambala yake, mwina kuti abale ake asaiiwale. Kumunsi kwenikweni, pamene pepala limathera, kalaliki anangoti munalinso wantchito mmodzi wachikuda. Basi.

Inki ya buledi inalipo. Inki ya injini inalipo. Munthu amene ankawachapira malaya, amene m'mawa uliwonse ankamuitana kuti abweretse tiyi, ndiye inki inamuthera. Ankamuitana bwanji, ndi likhweru? Kwinakwake, kaya kuno kaya kutsidya kwa malire, kuli mayi amene anafa akuyang'ana kumsewu, chifukwa munthu wina anachita ulesi kufunsa anzake a pakampu funso limodzi. Tinalembera kwina ndi kwina. Anatiyankha mwaulemu kwambiri, ulemu wokhawokha.

Ndinabwerera kumudzi n'kupeza azakhali akuswa mtedza pakhonde. Ndinayamba kuwawerengera mayina a azungu aja, koma anandidula.

"Amenewo ali ndi owalira. Wanga uja?"

"Sanamulembe, azakhali."

"Ndiye wabwera chimanjamanja."

Anaswa mtedza wina, n'kundiyang'ana monga amayang'anira mbuzi yoti igulitsidwe.

"Dzina uli nalolo ndinakupatsa ndine utabadwa. Ndi la bambo anga, amene anamuika munthuyo m'manda. Lakwanira anthu awiri, likwaniranso wachitatu."

Ndinayesa kutsutsa. Ndinati dzinalo ndikuligwiritsabe ntchito. Iwo anati sakundilanda, tizingobwerekana.

Pa Misa ya chaka chimenecho akatekisiti anawerenga dzina langa lonse, pamodzi ndi chiwongo, pakati pa akufa, ine ndili pabenchi lakutsogolo nditavala jekete. Amayi a kwaya anatembenuka onse pamodzi. Azakhali anayankha Amen wamphamvu kuposa aliyense. Sabata yomweyo mnzanga wina wa ku Madzimoyo anafika kwa akazi anga ndi nkhuku ya chipepeso. Nditatuluka m'nyumba kudzamulonjera, iye ndi nkhukuyo anakomoka limodzi. Sindikuwonjezera. Nkhukuyo tinadya.

Azakhali anatisiya mvula ya chaka chotsatira isanagwe, ndipo tinawaika pafupi ndi mlendo wawo monga ananenera. Khasu lawo lili ndi ine. Novembala aliyense ndimalambula mitumbira iwiriyo, umodzi uli ndi mtanda wolembedwa dzina langa. Anthu amaseka, ine sindiseka. Munthuyo anali ndi dzina lake, limene mayi ake ankamuitanira kuti adzadye, ndipo likadzapezeka ndidzapala mtandawo ndi kampeni komwe kaja.