Kalamay wa Azakhali a Puring

Ndiyambe ndanena kuti azakhali anga, a Puring Macaraeg, ndimawakonda. Ndikutero kuti zimene ndilembe pansipa munthu asazione ngati chipongwe.

Anayamba kupera chinangwa asanayambe sukulu, ndipo mpaka lero kwathu ku Batangas, m'dziko la Philippines, palibe maliro kapena ubatizo umene umatha popanda suman wawo, mkate wa chinangwa wokulunga m'masamba a nthochi. Vuto lawo ndi limodzi: sakhulupirira dzanja la munthu wina.

Kwathu akwati akachoka ku tchalitchi amaima pakhomo n'kudyetsedwa kalamay, mpunga womata wophika ndi mkaka wa kokonati ndi shuga, kuti nawonso amatane. Pa ukwati wa mwana wawo woyamba, Luz, kalamay anaphika ndi akuchimuna. Anali wofewa. Banjalo linatha, ndipo azakhali sanadzudzulepo mowa wa mwamunayo ngakhale tsiku limodzi. Mlandu wonse unagwera kalamay.

Ndiye Marites, mwana wawo wotsiriza, atapeza Rodel, azakhali analumbira kuti aphika okha. Koma phewa linali litatupa, mkono sunkakwera. Anakhala pampando pafupi ndi moto, ine ndi amuna awo, a Doring, tikulandizana chimthiko.

"Doring, mukutakasa kapena mukusisita tambala wanu uja? Fikani pansi!"

"Mayi, wapsa uyu," anatero a Doring, thukuta lili kamukamu. "Taonani, mthiko waima wokha."

"Wa Luz unaimanso. Iwe Cora, landira, bambowa afooka."

Ndinalandira. Amene sanatakasepo kalamay sangamvetse: poyamba ndi phala, kenaka thope, kenaka amayamba kukubwezera. Ndinanena mwaulemu kuti tikapitiriza sadyeka.

"Sitikuphikira kukoma, mwanawe. Onjezera nkhuni."

Tinatakasa kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Pomukhuthulira pamasamba tinachita kukoka anthu awiri.

M'mawa mwake akwati anafika pakhomo, alendo ali ndandanda kumbuyo, dzuwa likuswa mtengo. Supuni inapindika. Anabweretsa mpeni. Azakhali anadula chibenthu chachikulu, namuika Rodel m'kamwa okha ndi dzanja lawo lamanzere.

Mnyamatayo anatafuna kamodzi, nsagwada n'kugwirana. Anatong'ola maso. Marites, naye tsaya lili tu, ankafuna kuseka koma pakamwa sipankatseguka. Chakudya chinkazizira m'nyumba, ana akulira, koma mwambo sulola kulowa akwati asanameze.

Mayi ake a Rodel anasendera pafupi. "Asewere, mwana wanga mwam'patsa chakudya kapena tayala la galimoto?"

"Musiyeni atafune," anayankha azakhali. "Banja si phala."

Agogo ena akuchimuna anatola kachidutswa kuti alawe okha. Mano awo oikirira anatuluka nako limodzi.

Rodel atameza, misozi ili mbwembwembwe, azakhali anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ameneyu sachoka," anatero, n'kupatuka pakhomo.

Sindinganene motsimikiza kuti ndi kalamay, koma Rodel alipobe, ndipo sayankha apongozi ake. Choipa n'chakuti mbiri inafala. Aliyense amene mwana wake akukwatiwa akufuna kalamay wa a Puring, wolimba yemwe uja. Phewa lawo silinachire. A Doring akangomva za ukwati amanyamula tambala wawo n'kusowa.

Loweruka lino kulinso wina, ndipo azakhali atumiza kale uthenga kuti ndifike nditadya mokwanira.