Mayi Mawaya Alanda Nsapato

Dzina lawo lenileni lili pa kabaji ka pachifuwa, koma ndani amawerenga? Othamanga onse amangoti Mayi Mawaya. Munthu akagona pa bedi lopapatiza la m'chipinda chomalizira cha pakiliniki, iwo amamupukuta pachifuwa ndi thonje, kumumata mawaya khumi kuyambira m'nthiti mpaka mu akakolo, n'kudina batani kuti makina alembe kagundidwe ka mtima papepala. Akatha apo amamupaka mafuta ozizira aja, n'kuunika mtimawo pa sikirini, kuyeza mnofu uliwonse. Zaka makumi awiri ndi ziwiri akugwira ntchito yomweyi. Si dokotala ayi, ndipo mukawatchula choncho amakudzudzulani pomwepo. Dokotala amasaina, iwo amaona.

Chinawalowetsa ntchitoyi ndi mlongo wawo. Anali wothamanga mitunda italiitali, munthu woti ngakhale chimfine chinkamulambalala. Tsiku lina anamaliza mpikisano ali wachitatu, anakweza manja, n'kugwa pa udzu. Anthu ankaombabe m'manja poganiza kuti watopa chabe. Sanadzukenso. Pambuyo pake zinadziwika kuti mtima wake unali ndi vuto lobadwa nalo, loti pepala limodzi lokha likanaonetsa. Chichokere tsiku limenelo Mayi Mawaya sanapondenso pabwalo la masewera. Othamanga amawabweretsera makadi owaitanira ku mipikisano, iwo n'kumangowaponya mu dilowa.

Kukalipa ndiye amakalipa, tisanamizane. Kochi akalowa m'chipindamo kuti afulumizitse zinthu amatulutsidwa ngati nkhuku yolowa m'khitchini. Koma othamangawo amabwerabe, chifukwa amadziwa kuti mayi ameneyu saphonya kanthu.

Chaka chatha kunabwera Kamphepo, mayi wa mwana mmodzi, wothamanga mipikisano ya makilomita 42. Anali atangosankhidwa kukapikisana nawo pa mpikisano waukulu, woyamba m'moyo wake, ndipo kunali kutatsala miyezi isanu ndi inayi. Lamulo linali lakuti aliyense apimidwe kaye mtima. Wa Kamphepo unkagunda ka 40 pa mphindi, zomwe kwa othamanga si zachilendo. Chimene chinawaimitsa Mayi Mawaya ndi mnofu wa kumanzere: unali wokhuthala mamilimita 13.

Adokotala anafotokoza mofatsa. Anati mtima wa wothamanga umakula ndi ntchito, monga umakulira mkono wa munthu wosula zitsulo. Koma palinso matenda okhuthalitsa mtima omwe amagwetsa munthu osatsanzika, ndipo pa sikirini ziwirizi nthawi zina zimafanana. Njira yozisiyanitsira inali yakuti Kamphepo apumule miyezi itatu. Mtima wokula ndi ntchito umabwerera m'malo mwake, wa matenda subwerera. Ukapanda kubwerera, iwo sasaina, ndipo kuthamanga kwathera pomwepo.

Apongozi ake a Kamphepo atamva kuti mtima wa mtengwa wawo wakula, anati iwo anazindikira kalekale, mwanayu anayamba kukula mtima tsiku lomwe anaoneka pa wailesi yakanema. Kamphepo anafotokoza zimenezi akuseka, n'kulonjeza kuti apumula.

Itatha miyezi itatu anabwera atadzola bwinobwino, nkhope ili mwee. Mayi Mawaya anayeza kawiri. Mamilimita 13 omwe aja, osasuntha ngakhale pang'ono. Adokotala anausa moyo, n'kukoka mpando kuti alembe kalata yomuletsa kuthamanga. Kamphepo anangogona chagada akuyang'ana kudenga, misozi ikulowa m'makutu.

Mayi Mawaya mtima unawawawa kwambiri. Anayamba kumatula mawaya mwakachetechete, a pachifuwa, a m'manja, kenaka a m'miyendo. Atafika kuphazi anaima. Pachidendene panali chithuza chachiwisi, ndipo chikhadabo cha chala chachikulu chinali chakuda bii.

“Iwe, chithuza ichi n'cha liti?”

“Cha dzana, amayi. Nsapato zatsopano zimenezo.”

“Paja umati ukupumula?”

“Ndapumuladi. Makilomita khumi ndi awiri okha m'mawa. Madzulo sindikupita n'komwe.”

Abale inu! Anayankha ndi nkhope yoyera, wopanda bodza ngakhale limodzi. Kwa munthu wozolowera makilomita 160 pa sabata, khumi ndi awiri pa tsiku n'kukhala pansi. Ngakhale kochi wake, pa pepala la ndondomeko lomwe Kamphepo anatulutsa m'chikwama, anali atalemba kuti kupumula, pambali pake n'kuika nambala 12. Mayi Mawaya anadzikwiyira okha. Zaka zonsezi akukhala ndi anthu amenewa, osazindikira kuti mawu oti kupumula m'kamwa mwa wothamanga ali ndi tanthauzo lakelake.

Anapita pa tebulo n'kuika dzanja pa pepala lomwe adokotala ankalemba, chinthu chomwe anali asanachitepo. Anapempha miyezi itatu ina, ya kupumula kwa anthu wamba. Adokotala anayang'ana chithuza chija, anaseka pang'ono, n'kubweza cholembera m'thumba. Kochi atamva anabwera akuwira, akuti miyezi itatu osathamanga ipha miyendo ya mwanayo ndipo yotsalayo siikwana kukonzekera. Mayi Mawaya anamufunsa ngati anaonapo miyendo ikuthamanga yokha mwini wake ali m'bokosi. Kochiyo anatuluka osatseka chitseko.

Mawa lake mwamuna wa Kamphepo, yemwe amameta tsitsi pafupi ndi siteji ya mabasi, anabweretsa mapeyala anayi a nsapato zothamangira za mkazi wake m'thumba la pulasitiki. Mayi Mawaya anazikiyira m'kabati, pansi pa mipukutu ya mapepala a makina. Podziwa kuti munthuyu akhoza kuthamanga ndi mapazi okha, analamula kuti Lachisanu lililonse azibwera kudzaonetsa mapaziwo.

Inali miyezi yowawa. Kamphepo ankabwera atakwinya nkhope, kuvula masilipasi, kuonetsa mapazi, n'kumapita osatsanzika. Masaya anayamba kutuluka. Mwamuna wake anadandaula kuti kunyumba mipando ikusinthidwa malo tsiku lililonse, ndipo makatani achapidwa mpaka kusuluka. Lachisanu lina Kamphepo anaulula yekha kuti anathamangira basi. Mayi Mawaya anamufunsa mamita angati, n'kulemba m'faelo.

Iwonso mantha anali nawo. Nanga nambala ija ikapanda kutsika? Ndiye kuti amuzunza mwana wa eni ake miyezi itatu pachabe, n'kumupatsa chiyembekezo chabodza. Amuna awo, omwe amakonza mawotchi pakhonde la sitolo, anazindikira kuti zinthu sizili bwino ataona kuti mayi apita sabata yathunthu osakalipira munthu.

Tsiku lopima linafika. Mayi Mawaya anamupaka Kamphepo mafuta aja pachifuwa. Anayeza koyamba, sanakhulupirire. Anayeza kachiwiri, kachitatu, kenaka anaitana adokotala kuti adzaone okha. Mamilimita 10. Mtima unali wabwinobwino, unangokula ndi ntchito basi. Adokotala anasaina, Kamphepo n'kulumpha pabedi mafuta ali mbuu pachifuwa, kuwakumbatira mpaka kudetsa yunifolomu. Mayi Mawaya anatsegula kabati n'kumuuza kuti atenge katundu wake, wawanunkhitsira chipinda mokwana.

Patapita miyezi itatu khadi linabwera. Analiponya mu dilowa monga mwa masiku onse. Koma m'mawa wa tsikulo amuna awo anawapeza atavala kale, chikwama chili m'manja, ndipo bambowo anangotenga chipewa n'kutsagana nawo.

Anaima pafupi ndi mzere womalizira atagwira chingwe chotchingira anthu. Analowa woyamba, kenaka wachiwiri. Kenaka anthu anayamba kukuwa dzina la Kamphepo. Uyo akubwera, mutu uli chilili, wina ali pambuyo pake pafupi kwambiri, koma sanamulole. Anadutsa mzere ali wachitatu, mendulo ndi yake. Anakweza manja, n'kugwa pa udzu.

Anthu ankaomba m'manja. Mayi Mawaya sakumbuka kuti chingwe chija anachidumpha bwanji. Mayi wa zaka makumi asanu ndi mphambu, chikwama chikuuluka, alonda awiri akumuthamangira osamupeza! Anagwada pa udzupo n'kugwira mkono wa Kamphepo, zala ziwiri pa mtsempha. Mtima unali kugunda mwamphamvu, mwadongosolo, osadumpha ngakhale kamodzi.

Kamphepo anatsegula diso limodzi, akupumira m'mwamba.

“Amayi, musiyeni munthu apumule. Si ndinu munandiphunzitsa?”

Mayi Mawaya anakhala pansi pa udzupo, akuseka ndi kulira nthawi imodzi. Mkono uja sanausiye. Anayang'ana pa wotchi yomwe amuna awo anawakonzera, n'kuwerenga mphindi yonse mpaka kumapeto.