Ababa akufuna kukaima mzere wina

Mwaswera bwanji nonse, kuno zavuta pang'ono.

Titaweruka kutchalitchi ndinawaikira Ababa ndi Amayi filimu ya msilikali wolowa m'makina obwerera kale. Anapita kukaphulitsa mlatho kuti nkhondo isayambe, osadziwa kuti makolo ake anakumana pa mlatho womwewo. Ndiye ngati iye sanabadwe, waphulitsa mlathowo ndani?

Ababa anaseka mpaka kutsokomola. Kenako akuti, "Makinawo atandipeza ine, ndingabwerere tsiku lija pa sikelo ya tiyi n'kukaima mzere wina."

Nonse mukudziwa kuti pa mzere umenewo ndi pomwe anawanyamulira Amayi dengu koyamba.

Amayi analowa m'nyumba n'kutuluka ndi jombo za Ababa, jekete ndi wailesi, n'kuzimangirira bwinobwino pa njinga. Akuti, "Makina anu ndi awa. Pano ndi pakwathu, inu munabwera chikamwini. Palasani mubwerere kwanu kwa Mphuka, mukafike muli mnyamata."

Panopa Ababa ali pansi pa mpeyala, akulumbira kuti amatanthauza mzere waufupi, kuti amalize msanga akawadikirire Amayi panjira. Amayi akuti mzere waufupi tsiku limenelo akuukumbukira bwino, ndi womwe anaimapo Esinati, chibwenzi chakale cha Ababa.

Ndiye achimwene ndi achemwali, mlanduwu tiuweruze bwanji? Yankhani msanga, chifukwa Ababa akangopalasa njingayo, tonse pagulu lino sitinabadwe.