Kope la Amake Dumi

Ku Kalingalinga, mu Lusaka, mukafunsa za Ba Benedict, ena akuuzani kuti ndi kalipentala, ena ati ndi aja a makope a maliro. Onsewo sakunama. Anagwira ntchito zaka makumi atatu pa fakitale ya mipando, mpaka mu 1993 pamene fakitaleyo inagulitsidwa, antchito n'kuuzidwa kuti azipita kwawo. Kwawo kuti? Munthu anachoka ku Ntcheu ndevu zisanamere n'komwe!

Chaka chomwecho mnzawo Ba Lazarous anamwalira. Kumanda, wowerenga mbiri ya malemu anaimirira nati, "Anachokera ku Nyasalande. Asiya ana asanu." Basi, n'kukhala pansi. Ba Benedict zinawapweteka kwambiri. Munthu wathunthu, mizere iwiri?

Ndiye anayambitsa kabungwe ka mbiri. Loweruka lililonse masana nkhalamba zinkasonkhana m'shedi mwawo, kukhala pa matabwa osapala, n'kumalemba m'makope a sukulu: mudzi wa munthu, mfunda wake, njira imene anadzera pobwera ku Lusaka. Munthu mmodzi, kope limodzi. Ba Chilufya, Mbemba wogulitsa malasha, analowa nawo, ati, "Na ise tili na kwathu." Koma ena akangoona Ba Benedict akubwera kope lili m'khwapa, liwiro kuseri kwa nyumba, ati kopelo limaitana imfa.

Makope anakwana makumi anayi ndi limodzi. La akazi awo, Ba Edna, panalibe. Paja woumba mbiya amaphikira m'phale.

Anadzazindikira mu 1996, mayiwo atatupa miyendo, chakudya chikukana kulowa, achipatala atawabweza kunyumba. Ba Benedict anadzifunsa kuti tsiku limenelo likadzafika, anthu adzawerenga chiyani? Ankadziwa mmene akazi awo amatsokomolera, ankadziwa kuti sakonda tiyi wozizira. Koma za moyo wawo asanakwatiwe, ayi ndithu, ankangodziwa kuti ndi a ku Ntcheu. Anachita manyazi, ndiponso mantha.

Mmawa wina analowa kuchipinda ndi kope latsopano, n'kukhala m'mphepete mwa bedi limene anakhoma okha.

"Ha! Atate a Dumi," anatero Ba Edna, "lafika kwa ine kope lanu lija? Mwaona kuti ndikupita eti?"

"Iyayi, amake Dumi. Ndangoti tichezeko."

"Zaka zonsezi simunachezepo ndi pensulo m'manja. Funsani."

Anafunsa, mayiwo n'kumayankha pang'onopang'ono, akupumira. Anatchula mudzi, anatchula amalume awo, dambo limene ankatchera ngumbi, mphunzitsi amene anawamenya chifukwa choseka m'tchalitchi. Ba Benedict ankangodabwa ngati akucheza ndi mlendo. Atafika pa za ulendo wa ku Lusaka, anayamba kulemba osafunsa, poti izo ankazidziwa. Iwo ali mnyamata anajambulitsa chithunzi atavala jekete yobwereka, n'kutumiza kumudzi kuti amalume awo awapezere mbeta, monga ankachitira anyamata onse a kutauni nthawi imeneyo. Akuluakulu anagwirizana, mtsikana n'kukwezedwa lole.

"Mukulemba kuti chiyani pamenepo?"

"Kuti akuluakulu anakutumizani."

"Fufutani."

Ba Benedict anakweza mutu.

"Akuluakulu anasankha Tiwo, mkulu wanga. Tiwo atayang'ana chithunzicho anakana, ati mwamuna wanji jekete yofika m'mawondo. Anachiponya pamphasa. Ine ndinachitola. Ndinaona mmene munaimira, manja osadziwa powaika, ndinati munthu uyu ali yekhayekha kumeneko. Ndinalira masiku atatu kuti andilole. Amalume anatopa nane."

"Ndiye simunandiuze bwanji?"

"Mukanatukumuka. Komanso simunafunse."

Bambo uja anafuna kuseka, koma misozi inatsogola, n'kudonthera pakope, mawu ena n'kufufutika. Moyo wake wonse ankayesa kuti mkaziyu anangomvera akuluakulu, ndipo ankamuthokoza mumtima chifukwa chopirira. Lero, imvi zili mbuu, ndi pamene akumva kuti anachita kukondedwa.

Ba Edna anatambasula dzanja lawo lowonda, n'kugogoda pakopepo ndi chala.

"Lirani bwino, mukuwononga mbiri yanga. Lembani kuti Edna palibe anamutuma. Anabwera yekha, ndipo sanadandaulepo."